Buku la Mayina Litasowa m'Kabati ya Chipani

Mayi Mlembi anafika kwa a Sajeni m'mawa wa Lachinayi, tiyi asanazizire m'kapu. Moni sanayankhe. Anavula chingwe chimene chinali m'khosi mwawo n'kuchiika pathebulo, kiyi ili kumapeto kwake.

"Akuti ine ndagulitsa anthu," anatero. "Folo koloko lero andichotsa m'chipani pamaso pa aliyense. Dzulo pampope palibe anandiyankha moni. Wina analavula pafupi ndi ndowa yanga, akuti kapirikoni."

A Sajeni anazimitsa wayilesi. Upolisi anausiya zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, koma anthu a mumsewumo anali asanamvebe zoti anapuma. Mayiwa ankawadziwa bwino: mlembi wa Chipani cha Apantchito m'chigawo chonsecho, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pampando umodzimodzi wogwedera mwendo.

"Khalani pansi, achemwali. Yambirani poyambira."

Nkhani yake inali ya buku. Matauni a mafakitale amafanana kulikonse: belu likalira, theka la anthu limathamangira geti limodzi, ndipo mwini getilo akayetsemula, tauni yonse imagwira chimfine. Kuno inali fakitale ya nsalu, ndipo bwana wake anali atalengeza kuti aliyense wokonda sosholizimu akaidyere sosholizimuyo kunja kwa geti. Choncho antchito ankalowa chipani mobisa. Mayina awo, mazana awiri ndi khumi ndi anayi, ankalembedwa m'buku limodzi lokha, lokhala m'kabati yachitsulo ku ofesi. Lachisanu mayi Mlembi analembamo mayina asanu ndi awiri atsopano n'kukhoma. Lolemba m'mawa anapeza kabati ili chikhomere, buku mulibe. Lachiwiri fakitale inachotsa ntchito anthu asanu ndi atatu. Lachitatu khumi. Onsewo a patsamba loyamba, motsatana mmene analembedwera.

"Makiyi alipo angati?"

"Awiri. Iyi, ndi ya a Tcheyamani."

"Loweruka ndi Lamlungu munali kuti?"

"Kuchipatala, kudwazika mkulu wanga, kiyi ili m'khosi. Koma a Wachiwiri kwa a Tcheyamani akuti kiyi amasulitsa kumsika, ndiye kuchipatalako sikukundipulumutsa."

"Nanga a Tcheyamani akuti bwanji?"

Mayi Mlembi anayang'ana pansi. "Sanatsegule pakamwa. Masiku atatu. Munthu woti ukam'patsa moni amakuyankha ndi msonkhano."

Pamenepo a Sajeni anaika kapu pansi.

Palibe m'tauniyo akanaloza a Tcheyamani chala, ndipo chifukwa chake a Sajeni ankachidziwa kuposa wina aliyense. Zaka makumi atatu zapitazo, pa sitalaka yaikulu, ndi iwo amene anatsitsa pamgolo mnyamata woomba nsalu amene ankakuwa pageti kuti makina ndi a iwo amene amawakhetsera thukuta. Unyolo anam'manga ndi manja awo. Masiku khumi ndi limodzi m'chitokosi, akuluakulu akumufunsa mayina a anzake, mnyamatayo anataya mano awiri koma dzina sanataye ngakhale limodzi. A Sajeni sanamenye nawo. Anangoimirira pachitseko, ndipo zimenezo sankaziyesa chodzitamira nacho. Atatuluka kundende patatha zaka zinayi, woomba nsaluyo anayambitsa nthambi ya chipani kuseri kwa shopu ya telala, akuphunzitsa antchito kuwerenga ndi choko pachitseko. Anakhalapo khansala kawiri. Galimoto ya chipani anaikana, nati njinga simwa mafuta a anthu osauka. Tsopano anali atatha zaka makumi awiri ndi ziwiri ali tcheyamani wa chigawo, ndipo mbiri yawo yaikulu inali yakuti membala aliyense ankamutchula dzina ndi nambala ya khadi osayang'ana pepala. Ukalamba nawo uli ndi nthabwala zake: womanga ndi womangidwa anadzapezeka oyandikana mipanda, akusewera drafuti ya zitsekerero za mabotolo Loweruka lililonse m'mawa.

A Sajeni anakoka nsapato pansi pa mpando.

"Tengani kiyi yanu. Mpaka folo koloko ndi yanu."

* * *

Ofesi ya chipani inali pamwamba pa shopu yosindikiza mapepala, masitepe makumi awiri achitsulo. A Sajeni anagwada pakabati, mawondo akudandaula. Loko analibe pokandika. Mahinjesi anali ndi dzimbiri lawo lakale, losakhudzidwa. Pazenera panali zitsulo zoti ngakhale mphaka akanabwerera.

Pathebulo la a Tcheyamani panali mulu wa nyuzipepala. Anatenga ya pamwamba, kenako ya pakati, kenako ya pansi. Zonse zinali chipindire mmene zinachokera kwa wogulitsa.

"Sawerenga masiku ano?"

"Akuti nyuzi zangodzaza mabodza a mabwana. Amati ndiziwauza mitu yokha," anayankha mayi Mlembi.

"Makalata?"

"Amati, werengani mokweza, akomuredi, m'chipani mulibe chinsinsi."

"Bukulo munkaliika bwanji?"

Mayi Mlembi analoza shelefu yapakati. "Apa, choimika, msana kunja, kuti ndizingolikoka." Anaima kaye, dzanja lili m'malere. "Koma pali chinthu. Ndinkachita nacho manyazi, ndinkayesa mutu wanga wayamba kutha. Lolemba lililonse ndinkalipeza msana uli kukhoma."

"Kuyambira liti?"

"Miyezi isanu, kapena isanu ndi umodzi."

A Sajeni anadzuka pang'onopang'ono, akugwirira kabati. Ndiye kuti bukulo linali ndi ulendo wake wa sabata ndi sabata. Linkatuluka, n'kumabwerera. Lolemba ili linangolephera kubwerera.

* * *

Wosindikiza, amene aliyense ankangomutcha Inki chifukwa cha zala zake, anali pakati pa ndewu ndi makina ake.

"A Sajeni, mwabwera kudzandimanga? Chonde teroni, ndikapumeko. Makina awa andizunza kuposa apongozi."

"Loweruka masana unali pano?"

"Ndipitenso kuti? Ine ndi makinawa tinamanga ukwati, mpaka imfa."

"Anakwera masitepe ndani?"

"Mdala Tcheyamani yekha, monga mwa nthawi zonse. Amakwera chimanjamanja, amatsika ndi kaphukusi kokulunga m'nyuzi kukhwapa. Ine ndimati ndi nsomba akubisira mayi Mlembi. Lolemba sikisi koloko amakabweza, kaya amakhala akubweza minga."

"Nanga Lolemba ili?"

Inki anapukuta zala pa ovolosi. "Ndiye mwandikumbutsa. Anabwera opanda kanthu, ndipo sanakwere. Anaima apo pansi pa masitepe pafupifupi ola lathunthu, khutu lili kumsewu, aliyense akadutsa akutembenuka. Ndinawapatsa moni, akundifunsa kuti ndani. Ine. Zaka khumi ndi zisanu tikupuma mpweya umodzi."

"Bwanji sunawauze a Wachiwiri zimenezi?"

"Anandifunsa? Iwo aja safunsa, amalengeza." Anatsitsa mawu. "Koma mdala sali bwino. Taonani ichi."

Anatulutsa pansi pa kauntala chikalata choitanira anthu ku msonkhano wa mwezi watha. Tsiku linali lolakwika, manambala aakulu ngati chibakera.

"Ndinawaonetsa ndisanasindikize. Anachiyang'ana nthawi yaitali, nati chili bwino kwambiri, akomuredi. Munthu amene anandibwezerapo mapepala mazana asanu chifukwa cha kadontho kamodzi."

A Sajeni anatuluka osatsanzika. Anakumbukira zala za mnzawo pa drafuti, zikuyenda pazitsekerero, kukhudza chilichonse zisanasunthe, kuti zimve choyang'ana kumwamba ndi choyang'ana pansi. Iwo ankayesa ndi matama a munthu woganiza. Ndipo njinga ija inali chikolekere pakhonde kuyambira chaka chatha, akuti mawondo, chonsecho munthu akukwera masitepe makumi awiri osapumira.

* * *

A Sajeni anawapeza akazi awo a a Tcheyamani kuseri kwa nyumba akuyanika zovala. Anali mayi a mawu owerengeka, amene anadikira mwamuna zaka zinayi za ndende akusoka mayunifolomu a ana a eni.

"Alamu, abambo alipo?"

"Apita kuholo."

"Maso awo anayamba liti?"

Mayiwo anafinya malaya mpaka madzi kutheratu, anawakung'untha, anawayanika, n'kuika mapegi awiri. Kenako anayankha.

"Chaka chatha. Ng'ala, onse awiri. Adokotala anati opaleshoni. Iwo akuti msonkhano waukulu wa chigawo udutse kaye, chifukwa a Wachiwiri akangomva, mpando wapita, ndipo a Wachiwiri amamwa tiyi ndi mabwana."

"Nanga mayina atsopano amawaloweza bwanji, osaona?"

"Mukudziwa kale, alamu. Mukungofuna kuti zichoke pakamwa panga."

"Ndikufuna mayi wosalakwa asafe ndi dzina la kapirikoni."

Mayiwo anakhala pandowa yovundikira. "Lamlungu lililonse masana amadzitsekera kuchipinda ndi mkamwini wathu. Mkamwini kuwerenga, iwo kubwereza. Dzina, nambala, dzina, nambala, ngati ana a sitandade wani. Ndinawauza kuti bwanji osapempha mayi Mlembi. Akuti a m'chipani asadziwe, uyu ndi wa m'nyumba. Ndikanadziwa kuwerenga, bwenzi ndili ine. Anaphunzitsa tauni yonse, ine ankangoti mawa."

"Lamlungu lapitali zinatha bwanji?"

"Mkamwini anati, bambo, chikuto chang'ambika, ndikachimate, ndikupezani nalo pamasitepe sikisi koloko. Anatuluka nalo."

Mkamwiniyo a Sajeni ankam'dziwa: kalaliki wa pageti la fakitale, wolemba nthawi imene antchito alowera ndi kutuluka.

"Lachiwiri mwana wanga anabwera kudzandiuza nkhani yabwino," mayiwo anatero, akuyang'ana zala zawo zonyowa. "Mwamuna wake am'patsa jasi loyera. Ndi kapitawo tsopano."

* * *

Belu la nkhomaliro litalira, mkamwini anatuluka pageti, jasi loyera likadali ndi mizere ya m'mene linapindidwira kusitolo.

"Lamlungu masana unali kuti, mwana wanga?"

"Ku mpira, a Sajeni. Mwaulemu wonse, kodi ndi mlandu?"

"Anawina ndani?"

"Zinathera ziro-ziro."

"Mpira sunaseweredwe. Basi ya alendo inafera panjira, wayilesi inanena katatu."

Mkamwiniyo anayang'ana uku ndi uku, n'kuwakokera kuseri kwa kanyumba ka alonda. Ulemu unathera pomwepo.

"Chabwino. Mukufuna chiyani? Zaka zisanu ndi zitatu ndili pakawindo kaja, andidumpha kanayi chifukwa ndinakwatira mwana wa sosholizimu. Ana anga adzadya mbiri ya agogo awo? Buku lili m'kabati ya bwana, ndipo silituluka."

"Anthu khumi ndi asanu ndi atatu ali panyumba, manja ali m'khosi."

"Kanenenitu. Kauzeni gulu lija kuti ndine. Lero lomwe nyumba yanga aiyatsa, mwana wa apongozi ndi zidzukulu zawo zili momwemo. Apongozi akudziwa zimenezo, n'chifukwa chake ali chete. Ndipo akati anene, ayambe ndi kunena amene ankalitulutsa m'kabati." Anakonza kolala ya jasi. "Munthu uja sanatchulepo dzina la munthu. Sayambira pa ine."

A Sajeni anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku kolala.

"Pali basi ya faifi koloko," anatero. "Ndikanakhala iwe, ndikanakhala pampando wakutsogolo."

* * *

Hafu pasiti filii, a Tcheyamani anali okha m'kachipinda ka kuseri kwa holo, atavala jekete yawo yakale ya misonkhano, manja ali pamawondo. Kuholoko kunkamveka mabenchi akukokedwa.

"Ndi mapazi a boma amenewo," anatero osatembenuka. "Ngakhale munapuma, mumayendabe ngati mukudzamanga munthu."

"Ndachokera kwa Inki, kwa alamu, ndi pageti la fakitale."

"Ndiye mwamaliza ntchito."

"Ntchito ndi yanu. Ine ndilibe yunifolomu, ndilibe khadi ya chipani. Ndikaimirira m'holomo, a Wachiwiri anena kuti wapolisi amene anakumangani uja wabwera kudzamaliza zimene anayamba."

"Mukudziwa chimene mukundipempha? Ndikanena za maso, chigawo chapita kwa munthu amene adzachigulitsa pamtengo wa tayi. Ndikanena za mkamwini, mwana wanga agona panja, mwinanso kuposa apo. Mayi Mlembi ndi olimba. Pakatha chaka fumbi litsika, ndidzawabweza."

"Pakatha chaka adzakhala atasamuka m'tauni ino usana anthu akuona, katundu pamutu. Mudzabweza ndani?"

"Ine sindinatchulepo dzina la munthu, a Sajeni. Inu munalipo."

"Ndinalipo. Ndinaima pachitseko masiku khumi ndi limodzi, pakamwa potseka, ndikudziuza kuti sindikumenya nawo. Kulemera kwake ndikukudziwa, ndakusenza zaka makumi atatu. Lero amene waima pachitseko ndinu."

A Tcheyamani anatembenukira kumene kunkachokera mawuwo.

"Mwana wanga ndi ana ake?"

"Alamu anakawatenga kale, ali kunyumba kwanga. Pakhomo panga palibe angaponye mwala."

Chitseko chinatseguka. A Wachiwiri analowetsa mutu, tayi yofiira ili patsogolo.

"Akomuredi Tcheyamani, anthu akudikira. Kalata yochotsa mlembi ndalemba kale, inu mungowerenga n'kusaina."

* * *

Holo inadzaza mpaka m'makona. Panja, pamazenera, panaunjikana akazi a anthu ochotsedwa ntchito aja, ena makanda ali kumbuyo. Mayi Mlembi anali atawakhazika pampando wawokha kutsogolo, moyang'anana ndi gulu. A Sajeni anapeza malo pabenchi yomaliza.

A Wachiwiri anayankhula mphindi makumi awiri za njoka yofunda bulangete limodzi ndi mwini nyumba. Atatopa anapereka kalata.

A Tcheyamani anaimirira. Anaigwira kalatayo ndi manja awiri kwa nthawi yaitali, mpaka wina anakhosomola.

"Pepala ili sindikuliona," anatero. "Ndikuona choyera basi. Inunso sindikukuonani, ndikukudziwani ndi mawu ndi kakhosomoledwe. Zinayamba chaka chatha. Ndinabisa poopa kutaya mpando uwu, n'kumadzinamiza kuti ndikuopera chipani. Buku ndinkalitulutsa ndine, ndi kiyi iyi, Loweruka lililonse, kuti wina azindiwerengera mayina anu, inu muziti mdala saiwala. Wondiwerengerayo ndi mkamwini wanga. Ndi amene walipereka kwa bwana. Mayi awa sanalakwe kanthu. Ndadziwa kuyambira Lolemba, ndipo ndawasiya masiku atatu mukuwatukwana."

Holo inaphulika. Mabenchi anagwa, ena akukankhana kulowera kukhomo, akutchula msewu umene mkamwini ankakhala. A Tcheyamani anamenya thebulo ndi chikhatho, kamodzi kokha.

"Wofuna kumenya ayambe ndi ine. Ndili pafupi, ndipo chibakera sindichiona pobwera."

Phokoso linatsika pang'onopang'ono.

"Kiyi ndi iyi, mpando ndi uwu, musankha nokha wokhalapo. Koma bwana akutidula khumikhumi chifukwa akudziwa kuti aliyense abisala payekha kudikira tsamba lake. Amene dzina lake lili m'buku lija alibenso chobisa. Mawa sikisi koloko ine ndikaima pageti. Wofuna abwere aime nane, bwana atiwerenge tonse tsiku limodzi, aone ngati makina amaomba okha."

Anatembenukira kumene ankaganiza kuti kuli mayi Mlembi, n'kuphonya pang'ono, akuyankhula ndi khoma.

"Akomuredi, ndikhululukireni."

Mayi Mlembi sanafulumire. Anayamba akonza duku lawo.

"Ndili kuno, bambo."

A Tcheyamani anatembenuka.

"Za m'holo muno ndamva. Koma amene amuna awo ali panyumba sali m'holo muno. Ali panjapo, ndipo mawu anu sanafike bwino pazenera. Mukanene kwa iwo, mmodzimmodzi. Mayina awo mukuwadziwa."

"Akandigenda."

"Mwina."

A Tcheyamani anaika kalata pathebulo, anamanga batani la jekete, n'kutambasula dzanja m'malere. A Sajeni anayamba kudzuka pabenchi yawo, koma mayi Mlembi anali atafika kale. Anawagwira pachigongono, osati mofatsa kwenikweni, ndipo anthu anapatuka kupereka njira mpaka pakhomo.

"Pali masitepe atatu," anatero mayi Mlembi. "Yoyamba ndi iyi."